Housing ya sensa ya mpweya pa pikapu: ya fakitale, yakale, yokopera kapena yaikulu?

Mlamu wanga ali ndi Hilux ya dizilo, ya injini ya 3.0 D-4D ija amaitcha 1KD. Amanyamula kachewere pa Lizulu kupita naye kunyanja, pobwerera n'kukwera Khwekhwelere ndi matumba a usipa. Chivundikiro cha eya kilina, bokosi la fyuluta ya mpweya, chitang'aluka pakhosi pamene pamakhala sensa ya mpweya, mnyamata wina pa galaja anamuuza kuti, "Bwana, mapulasitiki awa tayani, tikuikireni payipi ya aluminiyamu kuti galimoto izipuma bwino." Anaikadi. Payipi yonyezimira, fyuluta yofiira kumapeto, ndipo akaponda mafuta tebo inkamveka kuimba mluzu mpaka m'kabini. Koma pa mtunda pamene ankakwera ndi giya 3, tsopano pankafunika 2. Anasintha fyuluta ya mafuta, osasintha kanthu. Anayamba kukayikira ma injekita, omwe mtengo wake ndi wosowetsa tulo. Tsiku limene tinatenga vernier, kachida koyezera mamilimita, n'kuyeza m'kati mwa payipi yatsopano ndi khosi la chivundikiro chakale, tinapeza kuti yatsopanoyo inali yotakata ndi mamilimita 6 okha. Vuto lonse linali pamenepo.

Ndalemba izi kwa amene aima pamphambano imeneyi: housing, payipi imene sensa ya mpweya imakhalamo, yathyoka, kapena wina wakunong'onezani kuti yaikulu iwonjezera mphamvu.

Chimene chimachitika m'kati mwa payipi

Sensa imeneyi amakaniko amaitcha MAF kapena airflow. M'kati mwake muli kawaya kopyapyala ngati tsitsi kamene kamatenthetsedwa ndi magetsi. Mpweya ukamadutsa umakaziziritsa, ndipo magetsi amene akufunika kuti kakhalebe kotentha ndi amene amauza kompyuta ya galimoto kuchuluka kwa mpweya umene walowa. Koma kawayako sikakhudza mpweya wonse. Kamangolawa pang'ono pa kabowo kakang'ono, kenako kompyuta imachulukitsa potengera kukula kwa payipi imene anaiphunzitsa ku fakitale. N'chifukwa chake housing, payipi imene sensa imakhalamo, ndi mbali ya muyezo weniweniwo.

Taganizirani wogula chimanga amene amawerenga ndowa. Mukamuchotsera ndowa ya malita 20 n'kuika ya malita 24 iye osadziwa, m'buku alembabe ndowa khumi, pamene m'nkhokwe mwalowa chimanga choposa pamenepo. Pa payipi zimaposa apa, chifukwa kutakata kukawonjezeka pang'ono, malo odutsa mpweya amakula kwambiri. Tiyerekeze payipi ya mamilimita 70 yasinthidwa ndi ya 76, imene ndi ija ya mainchesi 3 yofala m'masitolo. Malo odutsa mpweya akula ndi pafupifupi 18 peresenti. Mpweya womwewo tsopano ukuyenda pang'onopang'ono pa kawaya, ndipo sensa ikunena zochepa ndi pafupifupi 15 peresenti. Mukafika pa mamilimita 80, malo akula ndi 30 peresenti.

Pa injini ya petulo, monga 2.7 kapena 4.0 V6 ya Hilux, kompyuta imathira mafuta molingana ndi mpweya umene yauzidwa. Ikauzidwa wochepa, imathira ochepa. Poyenda pang'onopang'ono sensa ya ku ekizozi imaona kuperewerako ndipo kompyuta imawonjezera, koma ili ndi malire. Ikawafika imayatsa check engine ndi kodi ya P0171. Mukaponda mpaka pansi, kompyuta siimveranso sensa ya ku ekizozi mmene imachitira pa liwiro wamba, ndiye injini yolemedwa ikhoza kuyenda ndi mafuta operewera, kutentha ndi kugogoda.

Pa dizilo nkhani ndi ina. MAF imathandiza kompyuta pa zinthu ziwiri: kuyendetsa EGR, imene imabwezera utsi wina mu injini, ndi kuika malire a mafuta kuti galimoto isafuke utsi wakuda. Kompyuta ikaona ngati mpweya ndi wochepa, imamana injini mafuta. Izi ndi zimene zinachitikira mlamu wanga: mpweya unkalowa wokwanira, koma kompyuta inkakhulupirira kuti injini ikubanika. Payipi ikakhala yaing'ono kuposa yoyenera zimatembenuka: utsi wakuda, mwaye mu manifodi, ndipo pa magalimoto atsopano okhala ndi DPF, fyuluta yogwira mwaye ku ekizozi, fyulutayo imadzaza msanga.

Amene muli ndi Land Cruiser ya injini ya 1HZ, nkhani iyi siikukukhudzani. Pampu yake ndi ya makina, ilibe MAF.

Zoyenera kuyeza musanatulutse ndalama

Ndaika njira iliyonse pa sikelo ya zinthu zinayi. Pa mtengo ndikuwerengera ndi zimene zimabwera pambuyo, monga kuitanitsa, msonkho ndi kukonzanso kompyuta. Manambala a makwacha sindilemba, popeza chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo ya zipangizo imasintha musanamalize n'kufunsa komwe. Pa kupezeka ndikufunsa ngati mungachipeze sabata ino kuno kwathu. Pa kasamalidwe, ntchito imene chidzakupatseni mwezi ndi mwezi. Pa zoopsa ndikuyang'ana zitatu: kodi muyezo ukhalabe woona, fumbi lilowa, ndipo mpweya ukhala wotentha bwanji. Mphamvu zolembedwa pa katoni sindinaziwerengere.

Njira yoyamba: ya fakitale, yatsopano kapena yomwe muli nayo

*Mtengo.* Yatsopano kwa dila ndiyo yokwera kuposa zonse za kukula kofanana. Pa Hilux zimawawa chifukwa housing si kapayipi kapadera: sensa ya Denso imalowa ndi masikuluwu awiri pakhosi la chivundikiro cha eya kilina, ndiye mumagula chivundikiro chonse. Pa magalimoto a sensa ya Bosch nthawi zambiri sensa imabwera ndi kapayipi kake komangira ndi makilampu.

*Kupezeka.* Hilux zambiri za kuno zimapangidwa ku Durban, Ranger ku Pretoria, Isuzu ku Gqeberha, kotero zipangizo zake sizichokera kutali. Chimachedwetsa ndi ndalama zakunja. Tengani nambala ya chasisi poitanitsa, chifukwa Hilux ya ku Thailand kapena ya ku UK ikhoza kusiyana ndi ya ku South Africa.

*Kasamalidwe.* Kusintha fyuluta ya pepala pa nthawi yake, ndi kupopera sensa ndi mankhwala ake olembedwa MAF cleaner. Osagwiritsa ntchito petulo kapena carb cleaner, osakhudza kawaya ndi nsalu kapena kamtengo, ndipo idikireni iume musanaibwezere.

*Zoopsa.* Pulasitiki imakalamba ndi kutentha, ndipo tizingwe tomangira chivundikiro timathyoka. Kupatula apo palibe.

Musanagule n'komwe, onani ngati yanuyo ndi yotheratu. Mng'alu wa kunja umamatika ndi epoxy kapena kuwotcherera pulasitiki, bola zomatirazo zisatulukire m'kati mwa khosi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pewani silikoni wamba pafupi ndi sensa, chifukwa nthunzi yake imakuta kawaya.

Njira yachiwiri: yakale yochotsa pa galimoto ina

*Mtengo.* Wotsika kwambiri poyerekeza ndi kwa dila, ndipo mumanenerera.

*Kupezeka.* Pa Hilux, Ranger, Isuzu ndi Nissan NP300 sizivuta. Ku Biwi ndi ku Malangalanga mu Lilongwe, ku Ndirande ndi ku Limbe, magalimoto ophwasula alipo ambiri. Pa mitundu yosowa mudikira oitanitsa ku Johannesburg, Dubai kapena Japan.

*Kasamalidwe.* Chimodzimodzi ndi yatsopano.

*Zoopsa.* Apa m'pofunika maso. Chivundikiro cha 2.5 ndi cha 3.0 zikhoza kufanana kunja, chimodzimodzinso cha petulo ndi cha dizilo, koma chokhacho chotsimikizira ndi nambala yodindidwa pa pulasitiki ndi muyezo wa m'kati. Pitani ndi yanu yothyokayo. Iyang'aneni yogulayo pa dzuwa kuti muone ming'alu, iikeni pa tebulo lathyathyathya muone ngati milomo yake sinapindike, ndipo onani ngati mabowo a masikuluwu sanalale. Ngati yanu ili ndi kaneti kapena timagawo towongola mpweya patsogolo pa sensa, nayonso ikhale nato. Ambiri amathyola timeneti poganiza kuti tikutchinga mpweya, chonsecho ntchito yake ndi kuletsa mpweya kuzungulira ngati kamvuluvulu pa kawaya.

Ine njira iyi ndimaikonda kuposa zonse pa galimoto ya ntchito, ndipo ndi imene inachiritsa Hilux ya mlamu wanga. Sensa yake yakale ija tinangoipopera n'kuibwezera.

Njira yachitatu: yatsopano yokopera, ya kukula kofanana

Izi ndi zija za m'katoni zopanda dzina lodziwika, zopangidwa motengera ya fakitale.

*Mtengo.* Wapakati, nthawi zina wotsika kuposa yakale yabwino. *Kupezeka* ndiye sikuvuta m'masitolo a zipangizo m'mizinda yonse, pa mitundu yofala. *Kasamalidwe* n'kofanana ndi ya fakitale, kungoti pulasitiki yake imauma msanga, choncho muziyang'ana milomo yake pa sevisi iliyonse.

*Zoopsa.* Zina zimapangidwa bwino ndithu ndipo zimagwira ntchito zaka. Zina khosi lake limasiyana ndi milimita imodzi kapena ziwiri, kapena mpando wa sensa ndi wokwera pang'ono moti kabowo kolawira mpweya sikafika pamene kayenera kukhala. Choopsa kwambiri ndi chivundikiro chosakhala bwino pa fyuluta, chifukwa fumbi limadutsa m'mbali. Ndipo ngati yabwera ndi sensa yake, ichotseni muikemo yanu ya Denso, Bosch kapena Hitachi ngati idakali yamoyo. Sensa yotchipa imatha kuwerenga bwino injini ikungolira poima, n'kusokonekera mukaponda, osayatsa nyali iliyonse. Galimoto imangokhala yaulesi, mafuta akupita, inu osadziwa poyambira.

Njira yachinayi: yaikulu ya aluminiyamu, ndi fyuluta yapoyera

Iyi ndi imene imakopa anthu, ndiye ndiikhalira pang'ono. Housing yaikulu ili ndi ntchito yake yeniyeni. Sensa zambiri zimalankhula ndi kompyuta pa magetsi osapitirira mavoti 5. Munthu akaika tebo yaikulu ndi ma injekita aakulu, mpweya umachuluka mpaka sensa imafika pamapeto pa muyezo wake, osathanso kusiyanitsa wambiri ndi wambiri zedi. Payipi yotakata imachepetsa liwiro la mpweya pa kawaya kuti sensa ibwerere m'malire, kenako katswiri amalembanso tebulo la manambala la mu kompyuta kuti ligwirizane ndi payipi yatsopanoyo. Ku America eni ma pikapu a Chevrolet ndi Ford amachita izi ndi mapulogalamu monga HP Tuners. Ku South Africa ambiri amadziwa Unichip ya kampani ya Dastek, kabokosi kamene kamakhala pakati pa masensa ndi kompyuta ndipo kamatchunidwa pa dyno, makina oyezera mphamvu ya galimoto. Kumeneko payipi ndi kutchuna zimayendera limodzi. Kuno nthawi zambiri imafika payipi yokha.

Pa injini imene sinasinthidwe china chilichonse, sensa siyandikira n'komwe malire ake, ndipo khosi la fakitale silimene limachepetsa mphamvu. Pa dizilo ya tebo, kuchuluka kwa mpweya amalamula ndi kompyuta kudzera pa tebo. Ndivomereze chinthu chimodzi: pa petulo, payipi yotakata pang'ono imatha kupatsa mphamvu yochepa pamwamba, chifukwa fakitale imathira mafuta ochulukirapo dala mukaponda mpaka pansi. Koma mafuta owonjezerawo ndi amene amaziziritsa mapisitoni. Mukuwachotsa popanda woyeza, pa galimoto yonyamula katundu, pa mtunda wa Chiweta mu October.

*Mtengo.* Zopanda dzina n'zotchipa. Za makampani odziwika, zimene khosi lake analipanga lofanana ndi la fakitale kuti kompyuta isasokonezeke, zimadula kuposa chivundikiro cha kwa dila mukaphatikiza kuitanitsa ndi msonkho. Yaikuludi imafuna kutchuna, ndipo ndalama ya kutchunako nthawi zambiri imaposa ya payipi.

*Kupezeka.* Payipi imapezeka. Chosowa ndi munthu wokhala ndi dyno ndi luso lolembanso tebulo la MAF. Woika pulogalamu yokopera pa intaneti ndi laputopu, osayeza galimoto yanu, sanatchune kanthu.

*Kasamalidwe.* Fyuluta ya thonje yopaka mafuta imafuna kuchapa, kuumitsa ndi kupakanso. Mafuta akachuluka amakwera pa kawaya, fumbi n'kumatirapo, sensa n'kuyamba kunama. Makilampu ndi timapayipi ta silikoni timamasuka ndi mabampu.

*Zoopsa.* Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Choyamba ndi muyezo wabodza uja. Chachiwiri ndi kutentha: fyuluta yapoyera imakoka mpweya wa pansi pa boneti, pamene bokosi la fakitale limakoka wa kunja, ndipo mpweya ukawonjezera kutentha ndi madigiri 10 umapepuka ndi pafupifupi 3 peresenti. Aluminiyamu nayo imagwira kutentha kwa injini, ndipo popeza sensa ya Denso ili ndi kachipangizo koyeza kutentha kwa mpweya m'kati mwake momwemo, mukaima pa mzere wa magalimoto imawerenga kutentha kwa chitsulo. Chachitatu, chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri, ndi fumbi. Fyuluta imene ikudutsitsa mpweya mosavuta nthawi zambiri imadutsitsanso fumbi losalala lochulukirapo kuposa ya pepala. Pa tala wa ku Ulaya sizioneka. Pa msewu wa ku Nyika kapena wa kumunda m'chilimwe, fumbilo limadya mapiko a tebo ndi ma ring'i. Titachotsa payipi ya mlamu wanga ndinapisa nsalu yoyera m'kati, kuseri kwa fyuluta, ndipo inatuluka yofiirira, patangotha miyezi iwiri. Mu payipi yoyera bwino nsaluyo imayenera kutuluka mmene yaloweramo. Chachinayi ndi madzi: fyuluta yopanda bokosi pa zithaphwi za dzinja ikhoza kumwetsa injini.

Njira yachisanu: yowotcherera, kapena kuchotseratu sensa

Amisiri athu owotcherera ndi aluso, ndipo *mtengo* ndi *kupezeka* palibe yoposa iyi. Ikhoza kukufikitsani kunyumba mukathyokeredwa kutali. *Kasamalidwe* kake ndi kuyang'ana dzimbiri ndi mowotcherera. *Zoopsa* ndi zonse za payipi yaikulu, kuphatikizapo msoko wa m'kati umene umasokoneza mpweya, ndi sensa yoikidwa pafupi ndi pokhota. Ngati palibe kuchitira mwina, mmisiri atengere muyezo wa m'kati wa yakale mpaka pa milimita, sensa ikhale pa chigawo chowongoka, ilowe kuya kofanana, ndipo muvi wake uloze ku injini.

Kuzula pulagi ya sensa n'kumayenda choncho si njira. Kompyuta imagwiritsa ntchito manambala ongoganizira, nyali imakhala yoyaka, ndipo vuto lina likabwera simudziwa. Ena amaichotsa mu pulogalamu pamodzi ndi EGR. Zimenezo zimawonjezera utsi woipa umene anthu a m'mbali mwa msewu amapuma, ndipo amene muli ku UK dziwani kuti kuchotsa zida za utsi monga DPF kumagwetsa galimoto pa MOT, mayeso a chaka ndi chaka oona ngati ili yoyenera pamsewu.

Muyezo umene mungachite nokha

Kachipangizo ka ELM327 kolowetsa pa soketi ya OBD pansi pa chiwongolero, ndi pulogalamu ya pa foni monga Torque, zimaonetsa MAF m'magalamu pa sekondi pa magalimoto ambiri. Lembani nambala injini itatentha ikulira poima, ndi ina ikuzungulira maulendo 2,500 pa mphindi (rpm), musanasinthe chilichonse. Mukasintha yezaninso pamalo omwewo. Kuti mudziwe poyambira: injini ya malita 3 pa 700 rpm imakoka malita pafupifupi 17.5 a mpweya pa sekondi, ndipo pa kukwera kwa Lilongwe, mamita oposa 1,000 pang'ono, amenewo ndi magalamu pafupifupi 18. Nambala yeniyeni imakhala pansi pa imeneyo, makamaka EGR ikatseguka. Chofunika ndi kusiyana kwa manambala anu awiri aja, kapena kusiyana ndi galimoto ya mnzanu ya mtundu womwewo. Pa petulo yang'anani fuel trim, nambala yoonetsa mafuta amene kompyuta ikuwonjezera kapena kuchepetsa: ikakwera kupitirira 10 peresenti mutangosintha payipi, payipiyo ndi imene yalakwa, kapena pali polowera mpweya wosayezedwa pakati pa sensa ndi injini. Makodi a P0100 mpaka P0103 onse amaloza ku MAF, koma sasonyeza kuti sensa yafa; waya, pulagi ndi housing ziyambe zaonedwa.

Ndiye musankhe iti?

Ngati pikapu ndi imene imadyetsa banja, imayenda m'fumbi ndi katundu, funani yakale ya fakitale ya nambala yofanana, muikemo sensa yanu. Ikasowa, yokopera imene mwaiyeza ndi vernier ndipo yakhala bwino pa fyuluta ikhoza kugwirizira.

Ngati galimoto idakali pa waranti, kapena ili ndi DPF monga Hilux ndi Ranger zochokera ku UK, pitani kwa dila. Kusiyana kwa mtengo n'kochepa poyerekeza ndi DPF yotsekeka kapena waranti yothetsedwa.

Ngati chimene chikukuvutani ndi fumbi ndi mitsinje, yankho ndi snorkel, payipi yokokera mpweya m'mwamba, yomatidwa bwino pa bokosi la fakitale. Imakweza polowera mpweya, khosi la sensa osalikhudza.

Ngati galimoto yangofooka ndipo mukuganiza kuti payipi yaikulu iidzutsa, yambani ndi fyuluta yatsopano, kupopera sensa, kuyang'ana mapayipi a intercooler (choziziritsira mpweya wa ku tebo) ndi kutsuka EGR ndi manifodi.

Ngati mwasintha kale tebo ndi ma injekita, ndipo muyezo ukuonetsa kuti sensa ikufika pamapeto, housing yaikulu ndi yanu. Pezani kaye wotchuna wokhala ndi dyno, iyeyo akuuzeni kukula kwa payipi, ndipo fyuluta ikhale youma, m'bokosi lotsekeka lokoka mpweya wa kunja. Chivundikiro chakale ndi masikuluwu ake awiri musunge, mudzazifuna tsiku logulitsa galimoto.